AKetulo Akathyola Tiyi Kuphiri

AKetulo anagulitsa tiyi pafupi ndi depoti ya mabasi kwa zaka makumi awiri ndi zinayi, koma chitsamba cha tiyi anali asanachionepo. Dzinalo anawapatsa ndi madalaivala, ati chifukwa mayiwo akayamba kubwata sankasiya mpaka wina awaphule.

Mwana wawo wamwamuna atakwatira mtsikana wa kuphiri, asewere awo anatumiza uthenga woti abwere adzaone kumene mpongozi wawo anakulira. Ananyamuka mvula itangosiya, nyengo ija udzu umayamba kuchita chikasu, mitengo ina n'kumayoyola masamba, m'mawa n'kumazizira. Mwana wawoyo anatsala kuntchito. Anapita ndi mpongozi yekha.

Basi inawasiya pamene phula anathera. Anakwera chitunda wapansi, aKetulo akupuma wefuwefu, ndipo atafika pokhota anaima n'kugwira m'chiuno. Phiri lonse linali lobiriwira, tizitsamba tofika m'chiuno, tometedwa mofanana, mizeremizere mpaka kumitambo.

"Anthu akuno ali ndi nthawi," anatero. "Mpanda wa maluwa phiri lonse? Nanga tiyiyo amalima kuti?"

"Amayi, tiyi ndi ameneyu," anatero mpongozi, maso ali pansi.

"Ndikudziwa! Ndimakuyesa."

Mudziwo unali wa nyumba zosapitirira makumi atatu, ndipo unali zii. Kunalibe hutala, kunalibe wailesi, ngakhale agalu ake ankangokweza mutu n'kugonanso. Asewere aakazi, mayi wowonda wa zala zakuda ndi utomoni wa tiyi, anawalandira ndi mawu apansipansi. Asewere aamuna anagwira dzanja, kumwetulira, n'kubwerera kukanola chikwakwa. AKetulo atapereka moni, nkhuku zonse za pabwalo zinathawira kuseri kwa khitchini.

Anakhala pakhonde madzulo onse. AKetulo anafotokoza za ulendo, za dalaivala wosadziwa kusintha magiya, za bondo lawo, za mkazi wa telala wa kwawo. Asewere ankangoti, "Eya." Nkhani zitawathera, anamva china chake chikuti thi, thi, thi, ndipo anafunsa mwamantha ngati kuli chigayo pafupi. Kenaka anazindikira kuti unali mtima wawo womwe.

M'mawa asewere aakazi akumanga dengu kumsana kuti azipita kumunda, aKetulo anatulukira atavala kale juzi ziwiri.

"Ndipatseni langa."

"Inu ndinu alendo, asewere. Pumani."

"Ine tiyi ndagwira kuyambira mwana wanga asanamere mano. Andivute lero?"

Anawapatsa dengu. Kumunda asewere anawaonetsa mofatsa: timasamba tiwiri tanthete ta pamwamba ndi kamphukira kake, basi, zina zonse kuzisiya. AKetulo anagwedeza mutu asanamve n'komwe. Ataona mmene amayi enawo ankatolera timasamba tating'onoting'ono ngati akusankha mpunga, anawamvera chisoni. Masamba akuluakulu, okhwima bwino, anali mbwee m'munsimu, popanda wowakhudza! Anayamba kupulula ndi manja awiri, nthambi ndi nthambi, ndipo dengu lawo linadzaza ena asanafike n'pakati pomwe.

Anapita nalo kwa kapitawo, mwamuna wa chipewa chaubweya amene ankayang'ana masamba pansi pa kashedi ka malata. Kapitawoyo anapisa dzanja, n'kutulutsa kanthambi kotalika ngati mswachi. Anapisanso, n'kutulutsa chisa cha mbalame.

"Amayi, uyu ndi tiyi kapena nkhuni?"

"Bambo, tiyi wa mphamvu amachokera ku masamba a mphamvu. Zanthetezo n'za makanda."

Kapitawo anakhuthulira dengu lonse pa mulu wa manyowa, mwaulemu kwambiri.

AKetulo anapsa mtima. Anatenga dengu lawo n'kupita kutali, kumtunda, kumene kunalibe wowaphunzitsa. Ali kumeneko nkhungu inatsika. Siinachenjeze. Anaweramira chitsamba dzuwa likuwala, poweramuka anapeza dziko lonse lasanduka mkaka. Anatsata mzere wina, unawafikitsa pa mwala. Anatsata unzake, unawafikitsa pa mwala womwewo. Zitsamba zonse zinali nkhope imodzi. Mame analowa m'nsapato, mano anayamba kugundana.

Kukuwa ankatha, ndipo ankadziwa kuti akakuwa amveka mpaka kutsidya. Koma akuwe kuti chiyani? Kuti "Ndasochera"? Iwo, pamaso pa asewere, m'munda wa tiyi, dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe? Nkhaniyo ikanafika kudepoti iwo asanafike. Anakoka mpweya, n'kutulutsa mawu okhawo amene sakanawachititsa manyazi.

"Tiyi wotenthaaa! Wa mkakaaa! Tiyi wotenthaaa!"

Phiri linabweza mawuwo katatu. Kunachita bata. Kenaka anamva tchire likuti kwasakwasa, uku ndi uku, ndipo m'nkhungumo munayamba kutuluka anthu: amayi a madengu, abambo a zikwakwa, kapitawo ndi chipewa chake. Aliyense anali ndi kapu m'manja, imene amasunga m'thumba la chakudya cha masana. Anawazungulira mwakachetechete, akunjenjemera ndi chisanu, maso akufunafuna ketulo.

"Ali kuti?" anafunsa kapitawo.

AKetulo anayang'ana dengu lawo, anayang'ana makapu aja. Asewere aakazi ndi amene anawapulumutsa.

"Ali kunyumba," anatero ndi mawu awo apansi aja. "Asewere amangoitana. Tiyeni." Ndipo anatsogola, aKetulo atagwira dengu la asewerewo kumbuyo ngati kuti akuwathandiza kunyamula.

Kunyumbako anabwereka mphika waukulu wa oyandikana nawo. Apa tsopano aKetulo anali pawo. Analamula moto, analamula mkaka, anathira masamba osayeza, shuga ndi dzanja lolemera, natakasa, nauzira, nakweza chikho m'mwamba kuti tiyi achite thovu. Anthu amene anathyola tiyi moyo wawo wonse ankamwa wamadzimadzi, wosathira kanthu, ndipo atalawa uyu anayang'anizana. Mayi wina anaseka mokweza, n'kudzigwira pakamwa. Kapitawo anamwa makapu atatu, chipewa anavula, thukuta lili kamukamu.

"Kuthyola musiyire ife, amayi," anatero popereka kapu. "Koma mawa nthawi yomweyi, muitanenso."

Anaitana masiku anayi otsatira, ali pakhonde, osapondanso kumunda.

Tsiku lobwerera, asewere aamuna anabwera ndi kambande ka tiyi m'chitini cha penti, timasamba tisanu tokha. Anati kakagwira, pakatha zaka zitatu adzayamba kuthyolako.

"Zaka zitatu? Kapu imodzi?"

"Theka," anatero asewere.

Kondakitala wa basi anafuna kuika chitinicho pamwamba pamodzi ndi matumba a mbatata. AKetulo anamuuza kuti akwereko yekha. Anakhala nacho pamiyendo ulendo wonse, dothi likuwadetsa chitenje, ndipo munthu wina wa pampando wakumbuyo atafunsa ngati kanali ka mandimu, anatembenuka thupi lonse n'kuyamba kumuphunzitsa za timasamba tiwiri ndi kamphukira, mpaka munthuyo anatsika siteji isanakwane.