Nyuzipepala ya pa Khoma la a Eunice

Cathy Namaona atagula nyuzipepala ya Masamba Awiri, anangolandira dzina lake ndi makiyi a kaofesi kopanda kanthu ku Goliati. Makope akale onse chiswe chinali chitadya. Anthu anamuuza kuti akaonane ndi a Eunice Mulipa, amene anaitaipa nyuziyo zaka makumi atatu.

Anawapeza kwawo ku Nchilamwela akusenda chinangwa pakhonde.

"Makope akale? Lowani, mwanangu."

Khoma lonse la kuchipinda linali lomatidwa nyuzi, kuyambira pansi mpaka kudenga. A Eunice anazimata chaka chimene anapuma ntchito, kuti dothi lisamayoyokere pabedi.

"Apa ndi nthawi ya esiteti ya tiyi," anatero a Eunice, akuloza mapepala ofiirira pafupi ndi zenera. "Anaiyambitsa ndi bwana wa fakitale, kuti tizidziwa amene wathyola tiyi wambiri. Tinkasindikiza pa makina opukusa ndi dzanja, inki mpaka m'zigongono. Lachisanu anthu akamaliza kuyezetsa masamba sankachoka pasikelo. Wodziwa kuwerenga ankakwera pa thirakitala n'kumawerengera anzake."

Esiteti itatopa nayo inaipereka kwa aphunzitsi a kumishoni, amene anachotsamo mpira wa Loweruka n'kuikamo phunziro la Sabata. Kenaka inapita kwa a Reinford a chigayo. Iwowa ankafuna chithunzi chawo patsamba loyamba sabata ndi sabata.

"Eni ake ankasintha, wotaipa ndinali ine ndemwe. Aliyense akabwera ankati tichotse tsamba la Chilomwe. Ndinkangoti chabwino bwana, Lachisanu n'kulitulutsa."

Cathy anaseka, kenaka anawerama. "Ine ndiziitulutsa pa foni basi, mayi. Mapepala adula."

"Nanga okalamba a kumalaini, kunyumba za antchito a esiteti, aziwerenga bwanji?"

Cathy anapempha kuti amatuleko masamba angapo, koma a Eunice anakana. Anamulola kujambula.

Anajambula mpaka dzuwa kupendeka, a Eunice atamugwirira katani kuti kuwala kulowe. A Eunice ankawerenga mokweza patsogolo pake, opanda magalasi: maukwati, maliro, mvula yamatalala imene inaononga munda wa nambala seveni. Atafika kuseri kwa chitseko anaima, chala chili pakhoma.

"Apa ndinalakwitsa. Anathyola makilo ambiri chaka chimenecho anali a Ephraim, ine n'kulemba dzina la mchimwene wawo. Sanandipatse moni mwezi wathunthu. Anamwalira kale, komabe mukamaika pa foni yanuyo, mukonze."