Katoni Yolembedwa Msuzi wa Nkhuku

Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi, mwana wathu Renae ndi mwamuna wake Curt amabwera kudzadya nafe nkhomaliro. Lamulungu lina chipale chofewa chinali chitagwa n'kukwirira mpanda wonse, ndipo mwamuna wanga Merle anali ndi chimfine chotseka mphuno. Anakhala pa tebulo atafunda bulangeti, koma pakamwa pokha sipanadwale.

"Curt, galimoto yonyezimira ili panjayo ndi yako kapena ndi ya a banki?"

"Ndi yanga, bambo."

"Chako ndi chiwongolero chokha. Matayala ndi injini n'za eni ake. Akamakulola kuyendetsa uziwathokoza."

Curt anaseka. "Nanga chilole chanu chija? Chikamadutsa ngakhale agwape amaima n'kuchimvera chisoni."

"Koma mwini wake ndi mmodzi." Merle anagogoda tebulo ndi chala. "Nyumba ino, zaka makumi atatu ndi zinayi, sitinakongolepo ngakhale msomali. Funsa apongozi akowa. Twila, ndikunama?"

Ine ndinali kusenda mbatatesi. Ndinangoti, "Imwa tiyi wako asanazizire."

Bambo ake a Merle analandidwa famu ndi banki iye ali mnyamata. Anaona ndi maso ake ng'ombe zawo zikukwezedwa m'malole, amayi ake ataima pakhonde. Kuyambira pamenepo mawu oti ngongole amawamva ngati dzina la matenda. Ndalama za pakhomo ndimasunga ndine, ndipo iye sanafunsepo kuti aone pepala lililonse.

Zaka ziwiri zapitazo anavulala msana kuntchito kwake kocheka matabwa, n'kukhala miyezi isanu ali chigonere. Gasi wotenthetsera nyumba, mankhwala, chakudya, zonsezo ndinkalipira ndi khadi ya ngongole imene iye sankaidziwa. Akafunsa kuti, "Tikukwanitsa?" ndinkati, "Tikukwanitsa." Ngongole inafika madola 9,400. Chiwongoladzanja chokha chinkaposa madola 200 pa mwezi. Ndinkalipira, ngongole osasuntha. Kunali kutunga madzi m'dengu.

Mu Seputembala ndinapeza njira. Banki ina inkapereka khadi yosamutsirako ngongole yakale. Amakudula madola atatu pa zana lililonse, kenako amakupatsa miyezi khumi ndi isanu ndi itatu yopanda chiwongoladzanja. Ukachedwa kulipira, kapena miyeziyo ikatha ngongole ikadalipo, chiwongoladzanja chimabwereranso. Ndinafunsira khadiyo pa foni ndili kuntchito kwanga ku khitchini ya sukulu. Ndinawerengera kuti ndikamapereka madola 538 mwezi uliwonse ndidzamaliza, Merle osadziwa kanthu.

Khadi yakale ija inatsala yopanda ngongole, ndipo yotero ndiyo yoopsa. Kuno aliyense amadziwa chochita nayo. Umaiika m'madzi n'kuiumitsa mufiriji, kuti ukafuna kugula chinthu udikire isungunuke, mtima ukhale utatsika. Ine ndinaiika m'katoni ya mkaka. M'madzimo ndinathiramo tiyi pang'ono kuti aoneke ofiirira, ndipo pamwamba ndinalemba kuti msuzi wa nkhuku. Ndinaikankhira pansi penipeni pa firiji yaikulu ya m'garaja, kunsi kwa nyama ya gwape.

Lamulungu limenelo foni inalira ndisanamalize mbatatesi. Anali akazi a abusa, za maluwa a kutchalitchi, ndipo munthu ameneyo akayamba salekeza. Nditabwerera kukhitchini ndinapeza Renae ali pa sitovu, poto ali pamoto. Katoni yong'ambidwa inali pambali pake.

"Chimfine cha bambo chikufuna msuzi," anatero. "Koma amayi, mumabisa zinthu inu! Ndachita kulowa mufiriji mpaka m'chiuno."

Ndinafika pafupi ndi sitovu. "Umenewo ndi wakale, Renae. Bweretsa ndikautaye."

"Wakale bwanji? Mwalembapo Novembala."

Anali atathiramo kale kaloti ndi anyezi. Ndinaima pamenepo ndi mpeni m'manja, kuyang'ana chibuma cha madzi oundana chikuchepa pang'onopang'ono. Ndikanatha kulanda potoyo. Ndikanatha kuugwetsa dala. Sindinachite chilichonse.

Curt anabwera ndi supuni kudzalawa. Anatafuna milomo. "Amayi, nkhuku imeneyi inangodutsamo m'madzimu n'kupita kwawo."

"Choka apa iwe," anatero Renae akuvundula. Kenako chikombe chinagunda kanthu. Anakavuula. Khadi ija inatuluka itapindika ngati tsamba louma, kachidutswa ka anyezi katamatirira pa dzina langa.

"Ha! Nkhuku za kuno zimaikira makhadi?" Curt anayamba kuseka, koma Renae anamuponda phazi, ndipo kuseka kunathera pakhosi. Onse awiri anadziwa tanthauzo lake. Palibe munthu amaumitsa khadi imene sinamuvutitse.

Merle anatambasula dzanja. Renae anamupatsa. Anaipukuta ndi bulangeti, n'kuiyang'ana ataitalikitsa chifukwa magalasi anali kuchipinda.

"Twila Brandvold," anawerenga. "Ngongoleyo ndi zingati?"

"Ife tikhale kaye panja," anatero Renae.

Merle anati, "Khalani pansi. Ndakhala ndikulalikira pamaso panu, ndimvenso pamaso panu."

Ndinanena zonse ndikuyang'ana makoko a mbatatesi. Za gasi, za mankhwala, za miyezi isanu ija. Ndinatchula chiwerengero. Ndinafotokoza za khadi yatsopano, kuti ndalipira kale miyezi inayi osaphonya, kwatsala khumi ndi inayi.

"Komatu zimenezo mwachita mwanzeru, amayi," anatero Curt motsitsa mawu. "Anthu ambiri amangolipira chiwongoladzanja mpaka imvi."

Merle sanamuyang'ane. "Ndiye ine ndinkagona pampando uja, ndikuwotha moto wa ngongole, ndikumauza aliyense wobwera kudzandizonda kuti ife ndife anthu osakongola."

"Ukanadziwa ukanadzuka msana usanapole," ndinatero. "Ndimakudziwa."

"Ukanandisiya ndisankhe ndekha."

Anakoka katoni ija n'kuitembenuza. Merle wakhala zaka zambiri akusankha matabwa, diso lake siliphonya mng'alu.

"Wati unaiumitsa mu Seputembala."

"Eya."

"Apa palembedwa Novembala."

Bodza linali pafupi, ndinalimva likufika pa lilime. Ndikanangoti ndinasokoneza miyezi, ndipo akanakhulupirira, chifukwa wakhala akundikhulupirira moyo wake wonse. Chimenecho ndicho chinandiletsa.

"Ndinaisungunulapo kamodzi," ndinatero. "Mu Novembala nditalipira khadi yatsopano sipanatsale ya chakudya, ndipo ana anali kubwera kudzadya nafe pa chikondwerero chothokoza. Sindinadikire n'komwe kuti isungunuke yokha. Ndinaithira madzi owira a m'ketulo, ndipo nditagula zinthu ndinaiumitsanso m'katoni ina. Pa khadi imeneyo palinso madola 640, ndipo amenewo akubala chiwongoladzanja."

Renae anaphimba pakamwa. Nkhukundembo ya tsiku lija anaidya, n'kutenganso ina kupita nayo kwawo.

Merle anaika khadi pa tebulo, anavula bulangeti, anavala jekete n'kutuluka. Posakhalitsa tinamva nkhwangwa kuseri kwa nyumba, ngakhale nkhuni zinali zodzaza kale mpaka kudenga. Tinadya atatu. Curt sananenenso nthabwala, anangoyamikira mbatatesi kawiri. Potsuka mbale Renae anandinong'oneza kuti ali ndi kangachepe kamene anasunga.

"Usatero, mwanangu," ndinamuuza. "Manyazi amene ndili nawowa andikwanira."

Madzulo onse Merle sanandilankhule. Anamwa mankhwala ake n'kukagona dzuwa litangolowa.

M'mawa mwake ndinamupeza kukhitchini atavala kale za kuntchito. Anali atatsitsa kalendala imene imakhala pakhomo, ija amalembapo za kusintha oilo ndi masiku osaka agwape. Magalasi anali pamphuno.

"Umalipira pa deti yanji?"

"Pa 12."

Anazunguliza 12 wa mwezi uno, anatembenuza pepala, anazunguliza wina, mpaka kalendala inatha. Miyezi yotsala anailemba kuchikuto.

"Kuntchito akhala akufuna munthu wa Loweruka pa makina opala matabwa. Ndakana kawiri. Lero ndikavomera. Timalize kaye 640 imeneyo, ndiyo ikuluma."

"Msana wako, Merle."

"Msanawo ndi umene unadya ndalamazo." Anamina. "Usaganize kuti mtima watsika. Sunatsike. Chimene chikundiwawa si ndalama ayi. Ndi tiyi uja. Unakhala pansi n'kuganiza zothiramo tiyi."

Ndinamuikira buledi ndi nyama m'kabokosi kake ka nkhomaliro.

Anatenga botolo lagalasi la jamu, anaponyamo khadi yopindika ija, n'kulidzaza madzi a pampopi.

"Yafa kale imeneyo," ndinatero. "Palibe makina angaiwerenge."

"Ikhale pomwe tonse tiziiona." Analiika mufiriji ya kukhitchini, kutsogolo, pafupi ndi nandolo.

Anatuluka. Ndinaima pawindo kumuona akupala chipale pa galasi la lole yake. Analowa, anapotokola kiyi. Injini inakhosomola kawiri n'kukhala duu. Anayesanso, osatheka. Kuzizira kunali kutapha batire. Anakhala m'menemo kanthawi, manja ali pa chiwongolero, kenako anabwerera n'kusuzumira pakhomo.

"Twila, muimbire Curt. Umuuze abwere ndi galimoto yakeyo adzandilizire. Atenge mawaya olumikizira mabatire."

"Ndimuuze kuti galimoto ya ndani, yake kapena ya a banki?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ingomuimbira."

Ndinatenga foni.