Mlendo wa Nyenyezi Zitatu

Mathias atasiya usilikali anabwerera kwawo, m'mudzi wina kuseri kwa Chimbiya, n'kuyamba kulima mbatata ya kachewere ndi kabichi. Za ku Congo, kumene anapita ndi asilikali osungitsa mtendere, sankazikamba. Mkazi wake Dorika, mphunzitsi pa sukulu ya pulayimale ya m'deralo, anazolowera kusafunsa. Zaka zinapita, mwana wawo Ufulu anayamba sukulu, ndipo Mathias ananenepako, n'kuyambanso kuimba kwaya kutchalitchi.

M'mwezi wa Juni, chifunga chitakuta mapiri, kunabwera Gerevazio, mnzake amene anali naye ku Congo. Anavala jekete yatsopano ndi nsapato za jombo zomwe matope a ku Dedza anali asanazidziwe. Anakhala pakhonde tsiku lonse akukamba za munthu mmodzi, Jenerale Tackett wa ku America.

Dorika ankachonga makope a ana chapafupi, ndipo mbiri yonse anaimva. Gerevazio anati a Jeneralewo anayamba ali mnyamata, akutsogolera akasinja ochepa m'chipululu cha Aluya. Ku Somalia chipolopolo chinawaphwanya mwendo, madokotala n'kunena kuti usilikali wathera pomwepo, koma iwo anakana kupuma. Ku Iraq anawapatsa tauni imene akuluakulu ena inawakanika, ndipo anaigwira mpaka inakhala chete. Kuchoka apo anapita kumapiri a Afghanistan, kumene anafika polamulira asilikali zikwizikwi, nyenyezi zitatu zili paphewa. Atatsala pang'ono kupuma anabwera ku Malawi kudzaona maphunziro a asilikali opita ku Congo, ndipo n'kumene anaonana ndi Mathias. Tsopano anali kutsogolera kampani yolondera malo a ntchito kumpoto kwa Mozambique, kumene zigawenga zinkatentha midzi, ndipo ankafuna anthu odziwa mfuti.

“Dzina lako akulikumbukira, achimwene,” anatero Gerevazio. “Anachita kundifunsa okha kuti uli kuti.”

Mathias anaseka n'kunena kuti iye ndi mlimi tsopano. Koma Dorika anaona kuti mlendo atapita, mwamuna wake anaima nthawi yaitali pabwalo, msana utawongoka, manja ali kumbuyo.

Loweruka lotsatira magalimoto awiri oyera anakhota pa msewu wa M1 n'kulowa m'kanjira ka m'mudzimo. Munatsika Gerevazio ndi a Jenerale aja. A Jenerale anali munthu wamtali, woonda, watsitsi loyera lometedwa mpaka pakhungu, ndipo ankatsimphina. Anapereka moni wa Chichewa molondola, atagwira chigongono ngati mkamwini. Dorika atawaikira mpando pakati pa balaza, anaunyamula okha n'kukauika pakhoma, poti aziona chitseko. Anamwa tiyi wopanda shuga, anafunsa za mitengo ya mbatata, kenako anafunsa Mathias ngati chala chimene anathyoka pa maphunziro aja chinapola bwino. Mathias anayang'ana chala chakecho, nkhope ikuwala ngati mwana amene wayamikiridwa pagulu.

Atatuluka panja, chifunga chinali chitayera pang'ono. A Jenerale anayang'ana phiri la kum'mawa, anayang'ana msewu, kenako analoza mtunda umene uli pamwamba pa minda. Ananena m'Chingerezi kuti anthu ochepa okha atakhala pamenepo ndi mfuti yaikulu imodzi, palibe galimoto ingadutse pa msewu, ndiponso palibe munthu angatuluke m'mudzimo. Anazinena mwachifatse, monga mmene mlimi amanenera za nthaka ya munda wa mnzake. Pamtunda umenewo ndi pamene azimayi ankatola nkhuni, ndipo tsikulo panali ena atatu akutsika ndi mitolo pamutu.

Dorika anapempha kufunsa funso limodzi, ndipo analankhula yekha m'Chingerezi, osadikira Gerevazio kuti amasulire.

“Bambo, mbiri yanu ndaimva yonse. Koma anthu amene munapita nawo kumalo onsewo, anabwerako?”

A Jenerale sanakwiye. Anamuyang'ana m'maso. “Ambiri anabwerako, mayi. Ena ayi. Sindinanamizepo mkazi wa msilikali, ndipo sindiyambira pa inu. Kumene tikupitako n'koipa. N'chifukwa chake ndikufuna amuna anu.”

Masiku otsatira Dorika analankhula zonse zimene akanatha. Anakumbutsa Mathias mmene anabwerera ku Congo, wosadya, wosafuna kuona anthu. Anamukumbutsa za Ufulu, za mbatata zomwe zinali zisanakumbidwe. Mathias ankamvetsera osatsutsa. Tsiku lina ali kudimba anaimika khasu n'kunena kuti, “Mayi a Ufulu, chibwerereni kuno ndimangokhala ngati munthu wodikira minibasi. Munthu uja atangolowa m'nyumba, ndinadziwa chimene ndinkadikira.” Ananyamuka mwezi usanathe, ndipo mbatata anakumba Dorika ndi mlongo wake Benedict, amene anali atangomaliza Fomu 4 n'kusowa chochita.

Poyamba Mathias ankaimba foni kawirikawiri. Ankakamba za kutentha, za nsomba zam'nyanja yamchere, za a Jenerale amene ankadya pamodzi ndi alonda awo n'kumayendera malo onse wapansi ndi mwendo wawo wolumalawo. Kenako mafoni anayamba kufupika. Dorika akafunsa za kumeneko, yankho linali lakuti zonse zili bwino, ndipo kumbuyo kwa mawu ake sikunkamveka kanthu, ngakhale nkhuku kapena mwana.

Mvula itayamba, Gerevazio anabwera m'bokosi lachitsulo lomata, ndipo abale ake anauzidwa kuti asatsegule. Maliro anachitikira kwawo kufupi ndi Mayani. A Jenerale anabwera atavala suti yakuda, anakana ambulera, ndipo anaima pamvula kumanda mpaka mwambo unatha. Atapatsidwa mpata analankhula bwino kwambiri. Anatchula malo onse amene Gerevazio anagwirako ntchito, anati m'zaka zawo zonse za usilikali anaona amuna olimba mtima ochepa ngati iyeyo, ndipo anati dzina lake sadzaliiwala. Azimayi ankalira, koma Dorika ankayang'ana anyamata amene anakumba manda. Anali atatsamira makasu awo, pakamwa pali yasa, osaphethira. Pakati pawo panali Benedict.

Mathias sanabwere kumaliroko. Dorika atafunsa, a Jenerale anati amuna ake akwezedwa, tsopano akutsogolera gulu lawolawo, ndipo sakanatha kulisiya. Anawonjeza kuti iwo akukalamba, ndipo ntchito imafuna munthu wa kuno amene anyamata angamukhulupirire.

Mathias anabwera chimanga chitayamba kuuma. Anali wamoyo, wopanda bala, ndipo Dorika anagwada m'nyumba kuthokoza Mulungu. Koma munthu amene anabwerayo sanapite kudimba ngakhale kamodzi. Kwaya anaikana. Ufulu akamuthamangira ankamugwira pamutu n'kumuuza kuti aimirire bwino. Ankalankhula pang'onopang'ono, mwaulemu, osakweza mawu, ndipo foni ikalira ankadzuka n'kuiyankha ataimirira.

Pasanapite nthawi anyamata anayamba kusonkhana pabwalo pawo m'mawa. Poyamba anali ochepa, kenako anachuluka, ena ochokera ku Kasina, ena ogulitsa tomato ndi mbatata pa Chimbiya. Mathias ankawathamangitsa kukwera phiri ndi kutsika, atasenza matumba a mchenga, ndipo wogwa ankamubweza kwawo. Ambiri mwa iwo Dorika anawaphunzitsa kulemba mayina awo. Benedict ndiye ankafika pamwamba woyamba.

Dorika anadikira tsiku lina anyamatawo atabalalika. Anapeza Mathias akutsuka nsapato zake kuseri kwa nyumba.

“Bambo a Ufulu, Gerevazio anafa bwanji?”

Mathias anapitiriza kutsuka. Anati zimenezo si zokamba pakhomo.

“Nanga anawa mukuwauza chiyani? Amenewa si asilikali. Benedict sanagwirepo mfuti.”

“A Jenerale nawonso anayamba asanaigwirepo,” anatero Mathias. “Palibe amene ndamunamiza. Aliyense ndamuuza kuti kumeneko n'koipa, koma palibe amene wabwerera m'mbuyo.”

Dorika anapita kwa mayi ake n'kuwauza za bokosi lomata lija ndi zonse zimene ankaziopa. Mayiwo analira, anaitana Benedict, anamudandaulira mpaka mawu anawathera. Benedict anamvetsera atagwada, kenako anati kumudzi kuno watopa n'kupempha ndalama ya sopo, ndipo alamu ake amulonjeza kuti adzakhala m'gulu lawo. Panalibe chomuletsera. Anali wamkulu, ndipo zikalata zake za ulendo zinali zolongosoka.

Tsiku lonyamuka kunabwera basi, magalimoto oyera aja ali patsogolo. A Jenerale sanatsike. Anangotsitsa galasi, ndipo mnyamata aliyense akamadutsa ankamutchula dzina lake asanauzidwe, ngakhale ambiri anali asanawaonepo maso ndi maso. Mathias anakwera pomaliza. Anauza Dorika kuti abweranso mvula isanagwe, poti ku Mayani ndi ku Linthipe kuli anyamata ena amene akufunsa.

Dorika sanamudikire. Teremu itatha anapempha kusamutsidwa, ndipo anamutumiza ku sukulu ina kufupi ndi Kasina, kumene akukhala ndi Ufulu m'nyumba ya aphunzitsi. Mathias atamva sanatsutse, anangoti zili bwino, mwana azilimbikira sukulu. Benedict anaimba kangapo miyezi yoyambirira, akuseka, akunena kuti wanenepa. Chiyambire Okutobala foni yake sikupezeka. Dorika akafunsa, Mathias amati gulu la mlamu wakeyo linatumizidwa kutali kumene kulibe netiweki, ndipo a Jenerale akudziwa kumene lili.