Phewa la Bambo Anga

Loweruka pa 14 Juni, nthawi ya 10 koloko m'mawa, tinafika padoko lakale anthu atatu: ine, bambo anga ndi apongozi anga aakazi. Anakonza ulendowu ndi mwamuna wanga, koma iye anaitanidwa kuntchito. Ola loyamba linali loona doko, lachiwiri lotikitidwa thupi ndi miyala yotentha m'shedi yachitatu, nyumba yakale yosungiramo katundu imene anaipaka utoto woyera n'kuikamo mabedi.

Bambo anagwira ntchito padokoli zaka 26, kuyambira 1971 mpaka pamene linatsekedwa mu 1997. Ankasenza matumba kuchokera m'sitima. Koma zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, apongozi atandifunsa koyamba za kwathu, ndinawauza kuti bambo anali kalaliki. Apongoziwo ndi mphunzitsi wamkulu wopuma, ndipo ndinkaopa kupeputsidwa. Bambo sankadziwa za bodzali.

Mayi wotionetsa malo anatiimika pa chithunzi chachikulu cha amuna ali pamzere, matumba ali pamapewa.

"Thumba limodzi linkalemera makilo 50," anatero.

"Makilo 90," anatero bambo. "A 50 anabwera mu 1983."

Apongozi anaseka. "Musalimbane nawo asewere angawa. Zaka zonsezija ankaonera pawindo la ofesi, tiyi ali m'manja."

Bambo anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndinafunsa mayiyo kumene kuli chimbudzi.

M'shedimo mabedi anali olekanitsidwa ndi makatani okha. Ine ndi apongozi anatigoneka mbali imodzi, bambo kuseri kwa katani. Anandiika miyala isanu ndi umodzi pamsana. Kenako ndinamva mawu a mayi amene ankatikita bambo, ndipo sanali munthu wodziwa kunong'ona.

"Agogo, munasenza zaka zingati?"

Mayiyo anapitiriza osadikira yankho.

"Phewa lamanzereli ndi lotsika, ndipo pamwamba pake pali chikanga. Malemu bambo anga anali nacho pomwepa. Ngowe yokokera matumba kudzanja lamanja, thumba kumanzere. Anthu a m'mashedi muno mungawazindikire ngakhale atavala suti."

Apongozi anadzutsa mutu.

"Ayi, mwanangu," anatero bambo. "Ine ndinali wa mu ofesi. Apapa ndinagwa panjinga."

"Njinga yake inali ya makilo 90," anatero mayiyo akuseka, n'kupitiriza ntchito yake.

M'moyo wanga wonse ndinali ndisanamvepo bambo akunama. Analankhula mosadodoma, mawu awo omwe aja amene ankatiitanira kuchakudya. Nkhope yanga inali m'bowo la kumutu kwa bedi, ndipo ndinkangoona simenti yapansi, yokhala ndi mizere ya matayala a ngolo.

"Amayi," ndinatero kwa apongozi, "bambo ankasenza matumba. Zaukalaliki ndinapeka ndine."

Apongozi anatembenukira kumene kunali bambo. Kenako anakweza mawu kuti adutse katani.

"Asewere, mundikhululukire za tiyi zija."

"Palibe kanthu, asewere. Tiyi tinkamwa ndithu, koma choimirira."

Kwa ine sananene chilichonse. Tinayenera kugonabe mphindi 35, pakuti miyala sachotsa isanazizire.

Titatuluka, apongozi anati akukaona mnzawo, ndipo anakwera basi ina. Ine ndi bambo tinakhala pabenchi ya pasiteji. Iwo ankapukusa phewa pang'onopang'ono.

"Mtsikana uja ali ndi manja abwino," anatero.

"Bambo, ndinalakwa."

"Ukanandiuza kale, bwenzi ndikubwera kwanu ndi cholembera m'thumba la malaya." Sanaseke. Anayang'ana kumsewu, kenako anafunsa, "Nanga adzukulu anga unawauza kuti agogo awo ankagwira ntchito yanji?"

Mwana wanga wamkulu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. M'mwezi wa Malichi anajambula agogo ake kusukulu, atavala tayi, ali kuseri kwa desiki, ndipo chithunzicho ndinachimata ndekha pachitseko cha firiji.

"Kalaliki," ndinayankha.

Bambo anagwedeza mutu. "Mawa ubwere nawo kunyumba. Uwauze ndi pakamwa pako, ine ndili pompo."