Zolemba za Nthawi ya Nkhomaliro

Dzina loti Sekilitale anamupatsa ndi makasitomala. Ankagwira ntchito m'kashopu ka fotokope ndi kutayipa, kopanikizika pakati pa famase ndi malo ometera tsitsi. Tsiku lonse zala zake zinkalemba mawu a eni ake: makalata ofunsira ntchito, opepesa kwa mabwana, mapulogalamu a maliro. Ena ankabwera ndi kapepala kothimbirira, ena ankangoima kumbuyo kwake n'kumamuuza zolemba, mpweya wawo ukumuwomba m'khosi.

Kunyumba kunali bambo ake. Panali patatha zaka zitatu chidwalireni sitiroko, imene inawapha mbali ya kumanja n'kuwapotoza pakamwa. Kale anali dalaivala wa malole, munthu wosatha nkhani, koma tsopano liwu limodzi linkatuluka movutikira, thukuta lili pamphumi. Mayi ake anamwalira kalekale. Masana bambowo ankawayang'anira mayi wina woyandikana nawo nyumba, koma kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwasintha matewera ndi kuchapa mashiti, zonsezo zinali pamutu pa Sekilitale.

Bulogu, katsamba kake kolembapo pa intaneti, anaiyamba m'chaka chachiwiri cha matendawo. Abwana ake akapita kokadya nkhomaliro, iye ankakankha chitseko, n'kulemba ndime ziwiri kapena zitatu, buledi ali kudzanja linalo. Ankalemba za kulemera kwa munthu wosadzigwira, za fungo la sopo wa mankhwala limene silinkachoka m'manja, za tsiku limene anakalipira bambo ake chifukwa chotaya tiyi kenako n'kukalira kubafa. Dzina lake sanaikepo. Owerenga ankakhala asanu ndi mmodzi, mwina asanu ndi anayi. Sabata ina analipo awiri.

Abwana atazitulukira sanakwiye, anangoseka mpaka kutsokomola.

"Anthu sikisi? Ngakhale wolalikira pamsewu amakuposatu iwe. Ukanamaika mavidiyo ovina, bwenzi uli ndi masauzande."

"Ndivine ndi msana uti, bwana?"

"Nanga ukuvutikiranji?"

Sekilitale anatola stepula n'kuyamba kuikamo mapini. "Ndikapanda kulemba masiku amangofanana. Sindidziwanso ngati chinthu chinachitika dzulo kapena mwezi watha. Ndiponso aliyense akandiona amati, ababa ali bwanji? Ndimayankha, amapita. Pamenepaja m'pamene ndimanenako kuti ine ndili bwanji."

Abwanawo anangoti, "Bola usamagwetsere nyenyeswa pa kiyibodi."

Amene anaulula nkhaniyi kubanja anali mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake wamkulu. Anabwera masana ena kudzachititsa fotokope masatifiketi, anaona mutu wa buloguyo pa kompyuta, atafika kwawo n'kuifufuza.

Loweruka, Sekilitale akuyanika mashiti kuseri kwa nyumba, anamva galimoto ikuima. Anali achimwene akewo, amene anali asanapondeko miyezi iwiri. Anabwera ndi jumbo ya malalanje, koma sanalowe m'nyumba. Anadza molunjika pachingwe, foni ili m'manja.

"Iwe, ichi n'chiyani?"

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Usandipatse moni. Zoti ababa anadziipitsira pabedi ukuuza dziko lonse? Wafuna kutiyalutsa eti?"

"Dziko lonse ndi anthu sikisi, achimwene. Ndi inu ndi alamu mwakwana eyiti."

"Ukuseka? Ndiye apa walemba kuti mwana wamwamuna amabwera ndi zipatso ngati akukazonda mlendo kuchipatala. Ameneyo ndani?"

Sekilitale anayang'ana jumbo ija, achimwenewo n'kuibisa kumbuyo kwa mwendo.

"Sindinatchule munthu," anatero.

"Za m'nyumba sizituluka panja. Uzifufute zonse lero lomwe."

Akanatha kuwayankha zambiri. Zinali zitadzaza m'khosi kwa zaka zitatu. Koma manja ankamuwawa chifukwa chofinya mashiti, ndipo mphamvu zokanganira analibe. Anangoti, "Lowani mukawaone," n'kupitiriza kuyanika.

Achimwenewo anakhala m'chipinda mphindi khumi, n'kunyamuka. Sekilitale atalowa anapeza bambo ake ali pampando wawo pafupi ndi zenera, lalanje losasenda lili pamiyendo. Anali atamva zonse, poti zenera linali lotsegula.

M'pamene anazindikira kuti mwini nkhani anali asanamufunsepo. Anakoka kampando ka pulasitiki kamene ankakhalira powadyetsa, n'kutulutsa foni.

"Ababa, ndakhala ndikulemba za inu. Ndikuwerengereni, mumve nokha."

Anayamba ndi ya tsiku limene anawameta ndevu koyamba, n'kuwatema kanayi, iwo n'kumuloza ndi chala chamanzere kuti, "Butchala!" Bambowo anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, malovu akutsika. Iye anawapukuta. Anawerenga ina ya mvula, ina ya dokotala amene ankalankhula mokuwa ngati wodwalayo ndi wogontha. Pa imeneyo bambowo anagwedeza mutu mwamphamvu, kuvomereza.

Kenako anafika pa ya bedi ija. Asanamalize ndime yoyamba, bambowo anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Ayi," anatero. Khosi linagwira ntchito nthawi yaitali. "Cho... chotsa."

Manyazi anamugwira Sekilitale kuposa mmene anachitira ndi mawu a achimwene ake. Nkhaniyo anailemba tsiku limene anatopa mpaka kunjenjemera, ndipo ankaiona ngati yake. Sanaganize kuti thupi limene ankalifotokozalo linali la munthu wina.

"Pepani, ababa."

Anaifufuta iwo akuona, n'kuwasonyeza foni kuti yapitadi. "Ndichotse zonse?"

Anadikira. Panja mwana wa eni ake ankamenya mpira kukhoma.

"Iyo... yokha."

"Zinazi zikhale?"

"Lemba." Anapuma. "Lemba... lole."

"Lole iti?"

Nkhaniyo inawatengera madzulo asanu, akangoweruka iye, asanayambe kuphika. Inali ya tsiku limene mabuleki anakana pamtsetse, lole itadzaza matumba a simenti, kumunsi kuli mlatho wopapatiza. Sekilitale anali ataimva kambirimbiri ali mwana, koma sankaimvetsera. Tsopano ankaitola liwu limodzilimodzi. Akalakwitsa giya, bambowo ankamenya mpando ndi chikhatho. Madzulo achitatu onse anakwiyitsana, iye n'kutuluka kukaima pakhonde mpaka mtima utatsika.

Ataiika pa bulogu, anaiwerenga anthu asanu ndi awiri. Mmodzi, amene ankadzitchula kuti Wotopa Mnzako ndipo ankasamala mwamuna wake kwinakwake, analemba pansi pake: "Muwauze adala kuti ndinagwira mpweya mpaka pamlatho. Anga sathanso kulankhula ngakhale liwu limodzi." Sekilitale anawawerengera bambo ake chiganizo choyamba chokha.

Lamulungu lotsatira achimwene aja anabweranso, ulendo uno chimanjamanja. Za bulogu sanatchule. Anavula jekete n'kupinda mikono ya malaya.

"Tandionetsa mmene umawanyamulira."

Anawaonetsa: mkono kunsi kwa khwapa, bondo kutsekereza bondo lakufalo, kuwerenga mpaka katatu. Achimwenewo anawafikitsa kubafa akupuma wefuwefu, malaya atanyowa.

"Umatere tsiku lililonse?"

"Kawiri."

Achimwenewo anatola sopo. Anawasambitsa bambo awo mosadziwa, sopo n'kuwalowa m'maso, ndipo Sekilitale anakhala pakhonde manja ali pamiyendo, osadziwa choti achite nawo. Potsanzika achimwenewo analonjeza kuti azibwera Lamulungu lililonse. Anabweradi lotsatiralo. Lamulungu lachitatu anaimba foni kuti kuntchito kwagwa zadzidzidzi, ndipo Lamulungu lachinayi sanaimbe n'komwe.

Lolemba pa nkhomaliro Sekilitale anaganiza zoti alembe zimenezi, analembadi mizere inayi, kenako anaifufuta. Analemba za nsapato zake zimene zinang'ambika chidendene.

Madzulo a tsikulo anagona m'minibasi, mutu utatsamira paphewa la mayi wosamudziwa. Mayiyo sanamudzutse. Anadzidzimuka atapitirira siteji yake ndi masiteji atatu, n'kutsika, n'kuyamba kubwerera wapansi, akufulumira chifukwa mayi woyandikana naye uja ankachoka faifi koloko ikangokwana.