Botolo la Ba Phinias

"Kachitatu aka."

"Mwina ni makina anu."

"Makina sabala tizilombo, Sisita. Tizilombo timabwera m'botolo."

Sisita Constance, nesi wa pa kiliniki yathu, anandibwezera pepala lochokera ku Lusaka. Mawu ake anali omwe aja: tizilombo ta mitundu itatu tosakanikirana, mkodzo waipitsidwa, tumizaninso. Wodwala anali Ba Phinias a ku Shikabeta. Milungu isanu akumva kuwotcha pokodza, thupi likutentha, mapilisi a mitundu iwiri atalephera. Dokotala anakana kupereka achitatu mongoganizira. Ankafuna dzina la kachilombo, ndipo galimoto yotenga mabotolo imabwera Lachiwiri lokha, n'kunyamuka 11 koloko.

"Munawafotokozera bwino, Ba Mordecai?"

"Ninawapatsa kapepala."

"Ka Chingelezi kaja? Anakaika m'chipewa."

Ine ndimagwira ntchito mu labu. Malangizo ndimawanena kakhumi pa tsiku osaphethira: sambani m'manja, bwezani khungu la kunsonga, tsukani, mkodzo woyamba upite m'chimbudzi, wapakati ulowe m'botolo. Koma Ba Phinias ndi apongozi anga, atate a Misozi mkazi wanga. Sitidyera mbale imodzi. Tikakumana m'njira, mmodzi amapatuka. Zaka zinayi za ku yunivesite, palibe anatiphunzitsa mmene ungatchulire khungu limenelo kwa munthu amene unamugwadira popempha mwana wake. Sisita anayesapo, iwo anangoti, "Mwanawe, nakodza zaka sikisite popanda mphunzitsi."

Mmawa umenewo, Lachiwiri, Ba Phinias anafika pa njinga, maso atalowa. Ndinawapatsa botolo latsopano ndi manja awiri, ndikuyang'ana nsapato zanga. Anapita kuseri. Sipanathe mphindi, anabwerako n'kuliika pa zenera.

Munthu amene amabuula pokodza, mphindi imodzi?

Ndinalinyamula. Linali lozizira. Nditaliyang'ana padzuwa ndinaona timadontho tikuyandama pamwamba. Mafuta. Matenda ambiri ndinawawerenga, koma oti munthu azikodza saladi sindinawapeze m'buku lililonse.

Ndinatuluka. Njinga inali pansi pa mtengo wa mango, ndipo m'thumba la jekete lawo munkaoneka chivindikiro chachikasu.

"Atate," ndinatero nditagwada chapatali, "botolo ilo ni la chani?"

Anayang'ana ku msewu. "Ni loyera. Amake Misozi analitsuka na sopo. Kawiri."

Zinatuluka pang'onopang'ono. Amakodza kunyumba tambala woyamba akalira, m'botolo la saladi. Amapalasa njinga maola anayi lili m'thumba. Akafika kuseri kwathu amangokhuthulira m'botolo langa.

"Ningachite bwanji zimenezo pano, mkamwini wanga ali kuseri kwa chipupa? Ndiponso muzigwira chinthu chofunda chochokera m'thupi mwanga? Iyayi. Sitinaleredwe tero."

Milungu itatu. Mabotolo atatu. Tizilombo ta m'chitsime cha ku Shikabeta tapita ku Lusaka katatu, ulendo umene mwini wake sanayendepo.

Nthawi inali itakwana hafu pasiti teni. Ndinatembenuka, nkhope ku chipupa cha labu, n'kunena zonse. Manja. Khungu. Madzi. Woyamba pansi, wapakati m'botolo, osagwira mkati mwa chivindikiro. Ndinalankhula ngati ndikuwerenga nyuzi pa wayilesi. Amayi awiri a pa benchi anaphimba pakamwa ndi chitenje, wina n'kunyamuka.

Nditacheuka, Ba Phinias anali atavula chipewa, akuchipinda m'manja.

"Namva," anatero. "Koma mulibe kanthu. Sinimwa madzi paulendo, kuopa kuvutika m'njira."

Sisita anathamangira kapu. Ba Phinias anamwa imodzi, yachiwiri, yachitatu. Tinadikira. Dalaivala analiza hutala, ndinamupempha mphindi khumi, anandipatsa zisanu.

Kenako Ba Phinias anaimirira, botolo lina latsopano m'manja. Anayenda masitepe atatu kulowera kuseri, anaima, anandiyang'ana koyamba chikwatire mwana wawo.

"Tibwere Lachiwiri linalo. Tsiku limene inu kulibe."

"Atate, ine nimakhalapo tsiku lililonse. Labu ino nili nekha."

Sanasunthe. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo, pomwe mphepo inali yozizira. Kumbuyo kwanga injini inalira, matayala anayamba kuphwanya miyala ya pa geti.

"Ndiye mufe chifukwa cha ulemu?" ndinawafunsa.