Mzere wa Choko

Ndinaliko ananjuta m'mphepete mwa dzenje la m'galaja, atakwinya thalauza lake loyera m'maondo, n'kumakuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje.

"Alamu! Tulukani m'menemo mudzamve nyimbo! Kulira kotereku ndinakumva kamodzi kokha, kudziko kumene madzi amauma gwa m'mipopi chifukwa cha kuzizira. Ndinaliko ine!"

Dzinalo analipeza choncho. Munthu akangotchula dziko, doko kapena msewu, iye anali atapondako kale. Ndipo sikuti ankanama zonse ayi. Anachoka kwawo ndi malaya awiri okha, anatsuka magalimoto a eni m'maiko asanu, anayendetsa mathiraki mpaka msana kupindika, n'kubwerako kudzatsegula masitolo atatu a matayala. Kotsuka magalimoto kuja n'kumene anaona kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, kopanda denga, kogwadira pansi ngati nyalugwe wofuna kudumpha. Mwini wake sankamulola n'kukhudza chiwongolero komwe. Patapita zaka makumi atatu, Ndinaliko anapeza kena ka mtundu womwewo kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye, nkhuku zikuikira mazira pampando.

Injini yake inali itafa kalekale, ndipo yofanana nayo inali yodula ngati nyumba. Ndinaliko pakamwa anali wotambasuka koma dzanja linali louma. Anapita kwa ogulitsa zitsulo zakale n'kugula chiinjini cha galimoto yaikulu yomwe inagubuduzika. Woikamo anali mlamu wake, makaniko wosalankhulalankhula, mlongo wa malemu mkazi wake. Kuti chikwane, mlamuyo anachita kudula chitsulo chopingasa cha kutsogolo n'kuwotcherera china m'munsi.

"Zimitsani kaye nyimbo yanuyo," anatero mlamuyo ali m'dzenje. "Tsikani kuno."

"Ndi thalauza ili?"

"Thalauza amachapa."

Ndinaliko anatsika. Mlamu wake anawalitsa tochi pachimango cha galimoto, pomwe mkono wogwira tayala lakutsogolo umamangirira. Panali kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi. Anatulutsa choko kuseri kwa khutu n'kulemba kamzere pomwe mng'aluwo unathera.

"Tizizungulira nayo pabwalo pano tsiku lililonse mpaka Loweruka," anatero. "Mng'aluwu ukapanda kudutsa mzerewu, ndiye kuti ndi wakale, wogona. Ndingoudontheza moto wowotcherera pamwamba, mutenge galimoto yanu. Koma ukadutsa, injini yalemera. Titsitsa zonse, mugule zitsulo zina, tiyambirenso."

"Masiku angati?"

"Miyezi inayi. Mwina isanu."

"Alamu, mukudziwa kuti Loweruka kuli chionetsero cha magalimoto akale? Ndauza kale tauni yonse! Ngakhale wometa tsitsi wanga wagula chipewa chatsopano!"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero mlamuyo, n'kubwezera choko kukhutu.

Madzulo a tsikulo kunabwera Chisamba, mwana yekhayo wa Ndinaliko, akadali m'yunifolomu yake ya dalaivala wa ambulansi. Anazungulira kagalimotoko akuimba mluzu.

"Ababa, ndiye mwaika mtima wa njovu m'thupi la gwape?"

"Gwape ameneyu akalira, amva ndi a kuseri kwa phiri komwe. Iwe unazolowera kunyamula odwala. Galimoto yeniyeni sunaigwirepo."

"Inu mumayendetsa ngati mwanyamula mazira. Amalume, ikadzatha mudzandipatse ine makiyi ndikaichotse dzimbiri."

"Udzayamba wapempha kwa mzere," anayankha amalume akewo akuloza pansi.

Onse anaseka. Chisamba ankaseka ngati mayi ake, mutu atauponya kumbuyo, ndipo amuna awiriwo anayang'ana kumbali nthawi imodzi.

Lachitatu masana, mlamu atapita kukagula paipi ya mabuleki, Ndinaliko anatsikira yekha m'dzenje ndi tochi. Munali fungo la oyilo wakale. Injini, yomwe inali itangozimitsidwa, inkachita ta, ta, ta pamwamba pa mutu wake pamene inkazizira. Anawalitsa. Mng'alu unali utadutsa mzere, pang'ono chabe, ngati m'lifupi mwa chikhadabo.

Anaima nthawi yaitali. Anaganiza za miyezi isanu. Anaganiza za amalonda anzake omwe ankamuseka kuti wagula khola la nkhuku. Anakumbukiranso bwana uja wa kutali, mwini kagalimoto kofiira kaja, mmene ankamuponyera nsanza osamuyang'ana n'kumaso komwe. Kodi si iye amene anawoloka milatho yogwedera ndi thiraki yodzaza simenti? Chitsulo ndi chitsulo, sichithyoka ngati bango. Ndiponso adzayendetsa yekha, mwapang'onopang'ono, kupita n'kubwera basi. Lolemba adzaulula zonse, alamu adzakalipa, nkhani idzatha.

Ananyowetsa chala ndi malovu n'kufufuta mzerewo. Anatola kachidutswa ka choko pathebulo la zida n'kulemba wina patsogolo.

Lachisanu anachitanso chimodzimodzi. Ulendo uno mng'alu unali utayenda kuposa poyamba, ndipo unali utayamba kukhota molunjika kubowo la bawuti. Chokocho anachiponya m'thumba la jekete. Mlamu wake, yemwe anali ndi magalimoto ena khumi omudikira komanso maso oyamba kutopa, ankangosuzumira m'mawa uliwonse, n'kuona mng'alu utaima pamzere, n'kugwedeza mutu.

Loweruka Ndinaliko anachedwa kwa wometa tsitsi, pofotokoza za misewu ya m'mapiri a kutali yomwe imakhota ngati matumbo a mbuzi. Anafika kugalaja dzuwa litakwera, akununkhira mafuta onunkhira, magolovesi achikopa ali m'manja. Pamwamba pa dzenje panalibe kanthu. Panali madontho atatu a oyilo basi.

Mlamu wake ankapukuta manja, akumwetulira, chinthu chomwe sankachita kawirikawiri.

"Mwawina, alamu. Mng'alu uja unali wogona. Sabata yonse sunasunthe. Ndaudontheza moto pamwamba m'mawa uno."

"Nanga galimoto ili kuti?"

"Mwana wanu. Analawirira kuno, akuti akaipimeko kumsewu wa kuphiri, akaone mmene ikukhotera pamakona, kenako adzakutengeni ngati bwana. Ndikanamukaniza bwanji? Mzere unavomera."

Ndinaliko anatulutsa foni n'kuimbira Chisamba. Itayamba kuitana, kulira kwake kunamveka m'galaja momwemo, m'kachikwama ka Chisamba komwe kanapachikidwa pamsomali pafupi ndi masipanala.

"Anati mulibe poika chikwama m'menemuja," anatero mlamuyo. "Bwanji kodi? Mwatuwa."

Ndinaliko anasolola mpango m'thumba kuti apukute thukuta. Kachoko kaja kanatuluka nawo, kanagwa pasimenti n'kuduka pawiri. Chidutswa chimodzi chinagubuduka mpaka kukaima pansapato ya mlamu wake.

Mlamuyo anachiyang'ana. Anagwira kuseri kwa khutu lake, ndipo choko chake chinalipo. Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono.

"Kangati?"

"Alamu, ine ndimati ndiyendetsa ndekha, mwapang'ono…"

"Ndati kangati?"

"Kawiri."

"Mng'aluwo unayenda bwanji?"

Ndinaliko anakweza chala cha mkombaphala n'kugwira pamfundo yachiwiri. Mng'alu unali utayenda chotero.

Mlamuyo sanatukwane. Anaponya nsanza pansi, anakwera njinga yake yamoto, anaiponda katatu isanalire, n'kutuluka pageti osavala n'chipewa chomwe.

Ndinaliko anatsala yekha pakhomo la galaja. Phokoso la njinga litazimirira, anamva lina kutali, kumtunda: kubangula kwa chiinjini chija, kokhuthala, kodzikuza. Sananame, chinkamveka mpaka kuno. Anamva mwana wake akutsitsa giya mwaukatswiri polowa pakona yoyamba, kenako n'kupondanso moto. Makona a msewu umenewo ankawadziwa. Analipo asanu ndi awiri.

Anavula chipewa chake. Anaima osapuma bwino, khutu atalozetsa kuphiri, milomo ikuyenda popanda mawu.

Kona yachiwiri. Injini inkalirabe.

Yachitatu.